Masiku Anayi Amene Surafel Anasewera Ali M'manda

Foni inanjenjemera m'thumba la jekete la Surafel ife tili chilili m'chipinda, fumbi la kumanda lisanachoke kumapazi. Linali tsiku lachitatu chimuikireni. Panja amuna a bungwe la maliro ankazula zikhomo za tenti, amayi akukokota nifro yotsala m'mabeseni, tirigu wowiritsa uja wa pamaliro. M'chipindamo tinalimo atatu: ine, mwana wanga Gashaw, ndi mwana wake Kirubel. Jeketelo linali pa msomali, simenti idakali m'mapewa, monga momwe anzake a kuntchito analibweretsera Lolemba lija mdzukulu wanga atagwa pa nsanja.

"Musaigwire," ndinatero. "Zinthu za womwalira sazisuntha masiku makumi anayi asanakwane."

Gashaw anapisa dzanja m'thumbamo ngati sanamve. Anapatsira Kirubel, amene ankagona chipinda chimodzi ndi Surafel ndipo ankadziwa katsegulidwe ka foniyo.

"Ndi Beza," anatero Kirubel. "Akuti, 'Suri, mbuzi iwe, masiku atatu osalowa? Wapeza chibwenzi eti? Adona agona, ndili ndi ola limodzi lokha. Lowa msanga.'"

Ndinakhala pa bedi.

Bezawit ndi Surafel ndi ana a malemu mwana wanga wamkazi. Ndinawalera ndekha muno mu Kolfe kuyambira ali ndi mamina m'mphuno. Beza anapita ku Dubai kukagwira ntchito ya m'nyumba, ndipo amakhala m'mwamba mwenimweni, pa nsanjika ya khumi ndi chinayi, kumene munthu akasuzumira pansi amaona magalimoto ngati nyerere. Adona ake samulola kutuluka. Chimene anali nacho ndi ola limodzi la masana, adonawo akagona, nthawi yomweyo imene Surafel ankapuma kuntchito. Ola limenelo awiriwo ankakumana m'masewera a pa foni, aja anthu ambirimbiri amaponyedwa pa chilumba awiriawiri n'kumasakana ndi mfuti mpaka patatsala gulu limodzi.

Ine ndinanena. Ndinati masewera ophana amaitana imfa pakhomo. Ndinanenanso za nsanja za mitengo ya bulugamu zomanga ndi misomali yopindika, kuti mvula ikagwa asakwere. Surafel ankangondipsompsona pachipumi, n'kutenga jekete.

"Lowa," anatero Gashaw kwa mwana wake. "Sewera naye."

"Ababa?"

"Lowa ndi dzina la Surafel. Umuuze kuti foni inagwa, cholankhulira chinafa, muzingolemberana."

"Gashaw, wapenga?" ndinatero. "Mwana wagona m'dothi masiku atatu, iwe ukufuna umudzutse kuti akathamange ndi mfuti?"

Anagwada patsogolo panga n'kundigwira mawondo, monga ankachitira ali wamng'ono akafuna kanthu.

"Amayi, mverani. Merdo, uthenga wa imfa, sauponya pa foni ngati mwala, inu mukudziwa kuposa ine. Uthenga wotere umafuna anthu oti amukhazike pansi, amugwire mapewa. Genet, mwana wa Mayi Tiruwork, ali komweko. Lamlungu amapuma. Atenga amayi awiri a kutchalitchi, apita kukagogoda, akamuuza atamugwira. Ndalankhula naye kale. Koma akaona zii mpaka Lamlungu, ayamba kufunsa uku ndi uku, wina wopanda nzeru amulembera. Mukufuna amve ali yekha? Khonde la m'mwamba muja lili pomwepo, loti akhoza kudziponya?"

Mwana wobereka wekha amadziwa pamene pali chilonda chako. Ndinakumbuka mtsikana wa kuseri kwa msika amene anabwera m'bokosi chaka chatha, atamva za amayi ake ali yekha m'nyumba ya eni.

"Mpaka Lamlungu basi," ndinatero.

"Mpaka Lamlungu, Amayi."

Kirubel anakhala m'mphepete mwa bedi la msuweni wake, n'kugwira foni chopingasa ndi manja awiri. Ine sindinatuluke. Sindinapite kusukulu, zilembo kwa ine ndi mapazi a nkhuku, koma maso ndili nawo. Ndinaona timunthu tiwiri tikutsika m'mwamba, kena kovala zofiira, kena zobiriwira.

"Kofiirako ndi Beza," anatero Kirubel.

Ndinafuna kukagwira ndi chala.

Surafel akamasewera Lamlungu pakhomo, pakamwa pake sipankatseka. Ankalankhula ngati kondakitala wa minibasi, kuseka, kutukwana, kufunsa mlongo wake ngati wadya. Kirubel anasewera atakukuta mano, zala zikuthamanga pagalasi ngati akutola tirigu wotayika. Posapita nthawi foni inalira nyimbo. Anadumpha n'kumenya chibakera m'mwamba, kenako anakumbuka kumene ali, anakhala pansi mwamanyazi.

"Tapambana," ananong'ona.

"Walemba chiyani?"

"Akuti, 'Eee! Lero wadya chiyani, nyama yaiwisi ya ng'ombe yonse? Upereke moni kwa agogo, uwauze asiye kuopa mitambo.'"

Ndinaphimba pakamwa ndi nsalu yanga yoyera, imene ndinavala mpendero uli m'mwamba monga amavalira ofedwa.

"Usamapambane," ndinamuuza nditapeza mpweya.

"Agogo?"

"Iye ankapambana chonchi?"

Kirubel anamwetulira koyamba chichokereni Lolemba. "Suri? Mulungu amulandire, anali munthu wabwino, koma pa masewera anali bulu wonyamula katundu. Ena akumenya nkhondo, iye ali kutolera mabandeji m'tinyumba. Zaka ziwiri akusewera ndi Beza, kupambana kwawo sikukwana zala za dzanja limodzi. Wosewera wabwino, agogo, ndi maso ndi zala. Ukamuona mdani iye asanakuone, watha ameneyo. Ine anthu a ku Hawassa mpaka ku Nairobi amandidziwa dzina."

"Ndiye usewere ngati bulu."

"Zala zimachita zokha, agogo."

"Bodza limafuna munthu wodzichepetsa. Iwe ulibe kudzichepetsa, udzatigwiritsa."

Anaseka. Onse amaseka ndikamanena.

Lachisanu tenti inali itachoka, anthu opepesa ankalowa m'nyumba n'kukhala pa matiresi amene tinayala pansi. Masana atakwana Kirubel anazemba n'kulowa m'chipinda, ine pambuyo pake. Anasewera kawiri, anapambana kawiri. Ulendo uliwonse ndinaona kofiira kaja katagwa pakati pa njira, kakukwawa, kobiriwira kakupitirira.

"Bwanji wamusiya?"

"Zala zake n'zolemera, amangodziponya pamaso pa mfuti. Musadandaule, ndikapambana ine wapambananso iye."

Tsiku limenelo Beza sanaseke. Analemba kuti, "Cholankhulira sichinakonzedwebe? Iwe amene umakonza mawailesi a mzere wonse?" Kenako anati, "Agogo ali pomwepo? Ndikufuna mawu awo."

Mawu anga anali atasasa ndi kulira, akanamva liwu limodzi lokha akanadziwa. Ndinapukusa mutu. Kirubel analemba kuti ndili kutchalitchi. Ndi mmene ndinalowera m'bodzalo ndi miyendo yonse iwiri.

Loweruka m'mawa Tiruwork, mnzanga wa nyumba yoyandikana, anabwera kudzakazinga khofi wa alendo. Tinakhala kukhitchini awiri, iye akugwedeza chiwaya, utsi ukutilowa m'maso.

"Genet wakonzeka za mawa?" ndinafunsa. "Mumuuze asamuuze ataimirira. Atseke kaye chitseko cha kukhonde. Ndipo asapite ndi amayi olira msanga, amene amayamba kukuwa ali pa masitepe."

Chiwaya chinaima.

"Mawa kuli chiyani, Mayi Askale?"

"Merdo ya Beza."

Tiruwork anandiyang'ana, khofi akupserera. "Genet sakudziwa n'komwe kuti kuno kwagwa maliro. Gashaw anabwera kwathu Lachiwiri, tisananyamuke kupita kumanda. Anati banja lagwirizana kuti tisauze aliyense wa kunja mpaka Beza atamaliza pangano lake la ntchito. Anati ndi inu mwatero."

"Ine?"

"Anati mwalumbiritsa onse. Ine ndinadabwa, koma ndinati mwini maliro ndi mwini maliro."

Ndinaimirira osagwira khoma, chinthu chimene sindinachite kwa zaka. Ndinamupeza Gashaw kuseri, akusanja mipando ya bungwe pafupi ndi zipinda ziwiri za njerwa zimene wakhala akumanga ndi ndalama zimene Beza amatumiza. Zinafika pa mawindo, denga zilibe.

"Walankhula ndi Genet liti?"

Anaika mpando pamwamba pa unzake, n'kuuwongola bwinobwino.

"Ndikufunsa iwe, Gashaw. Unagwada. Unandigwira mawondo awa."

"Amayi, anthu akumva."

"Amve! Unayenda m'makomo ndi dzina langa m'kamwa, mtembo wa mwana uli m'nyumba."

Anatembenuka. Maso ake anali ofiira, sindinganame kuti sanalire mphwake. "Pangano lake latsala miyezi isanu. Akamva lero, mawa akwera ndege. Akasiya ntchito pakati sadzamulolanso kubwerera. Adzafika kuno, adzagubuduka pa mulu wa dothi, dothilo silidzamuyankha. Kenako? Surafel ndi amene ankabweretsa ufa wa tefi m'nyumba muno, wapita. Zipinda izi ndi za Beza yemweyo, tidzafolera ndi misozi?"

"Miyezi isanu mwana wako azivala khungu la m'bale wake masana aliwonse?"

"Akusangalala. Simunamve? Akupambana."

"Tsiku la makumi anayi adzakhala akuseka. Anthu akudya za m'bale wake kuno, iye akuseka ndi mzukwa."

"Ndinakunamizani chifukwa ndimakudziwani. Inu mumaopa chilichonse, mphepo, galu, mpunga wozizira. Wina ayenera kuganiza za mawa." Ananyamula mpando wina. "Foni yanu muli nayo. Muimbireni."

Ankadziwa kuti kafoni kanga ndimangodziwa batani lobiriwira loyankhira. Ankadziwa kuti amene ankandidinira manambala ali kumanda. Mwana amene ndinamuyamwitsa nthawi ya chilala, ine ndikumwa madzi okha. Ndinabwerera kukhitchini, ndinatseka chitseko.

"Tiruwork, muimbireni mwana wanu."

Genet anayankha dzuwa litapendeka. Analira, kenako anati mawa akatuluka m'tchalitchi atenga amayi awiri. Kwawo ndi kutali ndi kwa Beza, mabasi awiri, koma pofika nthawi ya khofi wa madzulo adzakhala atagogoda.

"Nanga ola lake la masana?" anafunsa Tiruwork titadula foni. "Likubwera Genet asanafike."

Ndinaliganizira. Anthu adzanena kuti anandikakamiza, koma palibe anandikakamiza. Lamlungu, Gashaw atapita kukabweza mipando, ine ndi amene ndinamuitana Kirubel.

"Ulowe komaliza. Umugwire pamenepo mpaka amayi aja afike. Koma lero uyende pang'onopang'ono, wamva? Usaonetse ukatswiri."

"Ababa akudziwa?"

"Abambo ako anandiphunzitsa kuchita zinthu osauza munthu."

Analowa. Poyamba anayesetsa ndithu, ankayenda pafupi ndi kofiira kaja, akutolera timabokosi. Koma mfuti zitayamba kulira chibwano chake chinauma, zala zinayamba kuthamanga. Pa chilumbapo pali mpanda wa utsi umene umabwera ukufinya anthu pakati, wotsalira kunja amafa. Mpandawo unayandikira. Kobiriwira kanathamangira ku mwala. Kofiira kanatuluka m'kanyumba, kanayenda pamtetete osathamanga, osabisala, kanaima chilili pakati pa munda.

"Akutani ameneyu?" anatero Kirubel.

Kanagwa. Kanayamba kukwawa.

"Bwerera," ndinatero.

"Sizingatheke, agogo. Kuli anthu awiri pa phiri apo, mpanda wafika. Ndikabwerera tifa tonse. Atsala asanu okha, ndimaliza pompano."

"Ndati bwerera!"

Sanabwerere. Kofiira kanasiya kukwawa. Ndipo m'foni munatuluka mawu, otsika, a munthu wolankhula atatseka chitseko.

"Ndiwe ndani?"

Zala za Kirubel zinauma. Wina anawombera kobiriwira kaja, kanagwa, iye sanaone n'komwe.

"Ndikudziwa kuti ukundimva. Ndiwe ndani wagwira foni ya m'bale wanga? Ngati unaba, tenga, sindikufuna foni. Ungondiuza kumene unamusiya."

Ndinatambasula dzanja. Kirubel anadina penapake n'kundipatsa. Foniyo inali yofunda.

"Beza."

"Agogo? Agogo, mawu anu atani? Suri ali kuti?"

Zaka zanga zonse ndakhala ndikupita ndi anzanga m'mamawa kukanena merdo m'makomo a anthu. Ndimadziwa poyambira, ndimadziwa pogwira. Apa manja anga anali pa kagalasi.

"Uli pati, mwana wanga?"

"M'chipinda chochapira. Agogo..."

"Chitseko cha kukhonde n'chotseka?"

Sindinadikire kuti ayankhe.

"Khala pansi. Osati pa mpando. Pansi penipeni, msana ku khoma."

Sindinafunike kunena china. Mwana amene ndinamulera amadziwa tanthauzo la mawu amenewo. Ndinamva thupi likutsetsereka pa khoma. Kenako ndinamva chinthu chimene sindikufuna munthu wina adzamve: mwana akulira m'bale wake ataluma thaulo kuti adona asadzuke. Kuno ife tinakuwa mpaka mzere wonse unatuluka, tinadziguguda pachifuwa masiku atatu. Iye anali ndi thaulo la eni.

Ndinamuuza za nsanja, za mvula imene inagwa Lamlungu lapitalo, kuti sanavutike nthawi yaitali, kuti tinamuika pafupi ndi amayi ake. Ndinamuuza kuti Genet ali m'njira ndi amayi awiri.

"Liti?" anafunsa.

"Afika posachedwa."

"Ayi. Anamwalira liti?"

"Lolemba."

Ndinamumva akupuma. Ankawerenga masiku.

"Lachinayi ndinamutcha mbuzi. Ndinamufunsa kuti wadya chiyani. Ndani ankandiyankha?"

Kirubel anasendera pafupi, misozi ikugwera pa malaya. "Ndine, Beza. Ababa anati..."

"Kirubel." Anaseka kuseka koipa. "Katswiri wa mu Kolfe. Ndikanadziwa. Agogo, inu munali kutchalitchi Lachisanu, eti? Anakubisirani?"

Pamenepo pakanalowa bodza lina laling'ono, ndipo likanakwana bwino.

"Ndinali pa bedi lomweli. Masiku onse anayi ndinali pomwepa. Lero ndine ndamutuma."

"Nanunso, agogo?"

"Ndinkaopa khonde."

"Inu mumaopa zonse! Simunaope kundiseketsa m'bale wanga ali m'dothi?" Anatsitsanso mawu. "Mukudziwa chimene ndinaganiza Lachisanu? Ndinagwa kawiri, anandisiya kawiri. Sindinaganize za imfa. Ndinati Suri watopa nane. Ndinati waona kuti popanda ine amapambana. Ndinachapa mbale za anthu awa ndikumutukwana mumtima. Masiku awiri ndadana ndi m'bale wanga, iye atafa kale. Mundibwezera bwanji masiku amenewo?"

Panja wina ankasinja khofi.

"Ine ndimafuna uzipambana," anatero Kirubel. "Ndimati mwina zikusangalatsa."

"Iwe umadziwa kuwombera, Kirubel. Palibe angakane. Koma masiku anayi onsewa sunadziwe pamene ndili. Manja anga anang'ambika ndi mankhwala otsukira, zala zina sizimva galasi. Suri ankadziwa. Ankayenda kumbuyo kwanga, ankandiuza kumene mfuti ikulira ine ndisanamve, mfuti yabwino akaipeza ankaitaya pamapazi anga ngati sakuifuna. Ndikagwa ankabwera. Kaya kuli anthu khumi, kaya mpanda wadutsa, ankaponya utsi n'kubwera kudzandidzutsa, akundinyoza kuti ndikulemera ngati thumba la simenti. Tinkafa tonse, iye n'kumaseka kuti tiyambenso. Ukuganiza kuti sankatha kupambana? Funsa anzake amene ankasewera nawo ine ndisanabwere kuno."

Kirubel anayang'ana pansi.

Ndinayang'ana pawindo. Mthunzi wa mpanda unali usanafike pa mgolo wa madzi, ndiye kuti Genet anali adakali m'basi yoyamba. Ndinkamva kuti mwanayo akufuna kudula foni, ndipo akadula ndikanatsala ndi khonde lija m'mutu.

"Usadule, Beza. Unditukwane mmene ungafunire, koma usadule."

"Sindinakukhululukireni, agogo."

"Sindinapemphe."

"Amalume muwauze kuti ndikubwera. Zipinda zawo afolere ndi chimene akufuna."

"Ndiwauza ndekha."

Ndinkangomva makina ochapira akuzungulira. Kenako Beza anafwenthera m'thaulo muja.

"Kirubel, tiyambenso. Kamodzi."

"Beza, ine sindingathe..."

"Sindikufuna usewere. Uyendetse mpaka pamene ndili, kenako uchotse manja ako pa dzina lake. Upereke kwa agogo."

Timunthu tiwiri tinatsikanso m'mwamba. Kofiira kanasankha munda wa kutali, kanaima pamtetete n'kudikira. Sikanadikire nthawi yaitali. Mfuti inalira kuchokera m'mitengo, kanagwa. Kirubel anathamangitsa kobiriwira, anaponya chinthu chimene chinafuka utsi woyera, n'kuima pambali pa kofiira. Anaika foni m'manja mwanga ndipo analoza kachizindikiro kozungulira.

"Apa, agogo. Mudine, musasiye mpaka mzere uzungulire wonse, ndiye Beza adzuka."

Chala changa chachikulu n'chopindika ndi nyamakazi. Ndinachiika pamenepo. Kobiriwira kanagwada pansi, kanaika manja pa msana wa kofiira. Mzere unayamba kuyenda pang'onopang'ono ngati kamba. Utsi unayamba kupungula. Foni inanjenjemera m'manja mwanga, m'mphepete mwa galasi munafiira.

"Akuwomberani, agogo," anatero Kirubel. "Ali pafupi."

Thupi langa lonse linkati ndithawe. Ine amene ndimawoloka msewu ndikaona galu ali gone.

"Musachotse chala," anatero Beza, mawu ali m'thaulo. "Iye sankachotsa."

Ndinakanikiza mpaka chikhadabo chinayera.